Ndime Yakumadzulo

Talavera, Nueva Ecija
14 Novembala 2019

Okondedwa achimwene a Rodel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Riyadh kumeneko ndipo dzuwa silikukupsetsani kwambiri. Kuno tadzuka.

Namondwe uja munamuona pa foni sanagwetse nyumba, koma anang'amba masamba a mpunga wonunkhira, mbewu imene Amayi ankasunga chaka ndi chaka asanatisiye. Ndinachita mantha, poti bakiteriya woumitsa masamba amalowera m'mabala otere. Kutacha ndinabwera ndi mankhwala amene tikuyesa kuntchito kwathu kofufuza za mbewu. Sapha tizilombo ayi. Tsamba likagwidwa ndi matenda limatumiza timadzi tochenjeza masamba anzake kuti akonzeke, koma bakiteriya amasokoneza uthengawo. Mankhwalawa amaufikitsa mdani asanafike. Nditawauza Bambo kuti mankhwalawa ali pachibale ndi asipilini, anaseka mpaka kutsokomola.

"Sukulu yonse ija, Minda, kuti uzimwetsa mpunga mankhwala a mutu?"

"Mungondipatsako ndime imodzi, Bambo."

"Tenga yakumadzulo. Ukaupha, ukawafotokozere wekha amayi ako kumanda."

Mpunga wanga unakula monyinyirika, chifukwa mbewu ikatanganidwa ndi kudziteteza imachedwa kukula. Bambo ankaimika aliyense wodutsa kuti aone "mpunga wa adokotala" wofika m'mawondo. Kenaka matenda anabwera. Ndime zinazo zinayera ngati udzu wa m'chilimwe. Yanga inadwalako, koma inabereka. Chakudya tigula, achimwene, koma mbewu yodzala chaka chamawa ilipo.

Tsiku lokolola Bambo anakana makina, nadula okha ndi chikwakwa. Anafikisa ngala imodzi m'manja, nainunkhiza, nakhala pansi m'mbali mwa munda nthawi yaitali. Ndinkayesa akukumbuka Amayi. Kunali kukumbukadi, koma pofuna kudzuka miyendo inakana. Ndinawanyamula ndekha, ndipo apepuka kwambiri. Kuchipatala akuti ndi mtima. Akumwa mankhwala, akudya pang'ono, ndipo kumunda ndawaletsa.

Azakhali a Corazon akupereka moni. Bambonso akupereka moni, ati ndikuuzeni kuti ali bwino zedi ndipo za kuchipatala ndisatchule. Afunsa ngati tchuthi chanu cha Khirisimasi chikadalipo, kenaka ati funsolonso ndisalembe, mungasiye ntchito chifukwa cha iwo.

Ndalemba zonse. Bwerani.

Ine mlongo wanu,
Minda