Chimera pa Chigayo Changa

Kasakula, Ntchisi
14 Ogasiti 1995

Okondedwa achimwene a Langton,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mphepo ya m'mapirimu yatipatsa chifuwa tonse.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaona kuti nkhani yanga yakupezani kale, koma yafika yopindika. Lolani ndifotokoze ndekha.

Chigayochi ndinachiyamba chifukwa cha mawu a kutchalitchi konkuno. Chaka chatha, zisankho zitangotha, a Bonifasi, mkulu wa mpingo wa golosale uja, ankatiphunzitsa abambofe kuti nthawi yodikira boma kapena achibale yatha, mwamuna wachikhristu azidya thukuta lake. Mawuwo anandilasa, poti ine ndinali munthu wodikira envulopu yanu mwezi ndi mwezi. Ndinagulitsa ng'ombe zija ndi fodya wanga woyamba, n'kukagula injini yakale ku Mponela. Tsiku lotsegulira, amene anapemphera ndi a Bonifasi omwewo.

Ntchito inayenda. Mlamu wanu Lidia anasiya maganyu, ana anapeza nsapato, ndipo chakhumi ndinayamba kupereka mosachita manyazi.

Tsono mu Meyi anandiitana ku bwalo la akulu a mpingo. Mlandu wake unali woti ndimagaya chimera cha amayi ofulula mowa. Sindinakane. Ndinangofotokoza kuti chimera chomwecho ena amaphikira thobwa, lomwe timamwa pa misonkhano ya mpingo, ndiye sindingamafunse mayi aliyense kuti akukachita nacho chiyani. Iwo anati ndisankhe, chimera kapena mpingo.

Achimwene, ndinayesa. Ndinalemba ndi makala pakhoma kuti chimera ayi. Amayiwo sanakangane nane, anangosenza chimera ndi chimanga chomwe n'kumapita kuchigayo cha kutsidya. Anzawo anawatsatira, pajatu amayi amayenda pagulu. Ndinkangokhala tsiku lonse injini ili zii, uku dizilo akukwera mtengo. Mwa akulu amene anandilamula aja palibe amene anatumiza ngakhale thumba limodzi. Ambiri amagayitsa kutsidya komweko, akuti ufa wake ndi wosalala. Tsiku lomwe ndinaona Lidia akutenganso khasu kupita kudimba la eni, khanda lili kumsana, ndinatunga madzi n'kufufuta mawu aja pakhoma.

Atandiitananso ndinalephera kudzigwira. Ndinafunsa a Bonifasi pamaso pa onse kuti, "Kodi shuga amene mumagulitsa mapaketi ambirimbiri kwa amayi otcheza kachasu, mumaganiza kuti ndi wa tiyi?" Iwo anangoti, "Lero mlandu si wanga." Abusa anayang'ana pansi. Anandiimitsa Mgonero mpaka nditalapa. Ena akuti n'chifukwa cha chimera, ena akuti ndi mwano, ine sindikudziwanso kuti ndilape chiti.

Kutchalitchi ndikupitabe, ndimakhala benchi yakumbuyo. Chakhumi changa amalandira bwinobwino, sindinamvepo wina akufunsa kuti chachokera m'thumba liti. Chondiwawa n'choti sabata yatha ana anabatizidwa, koma khanda lathu lija, Tamandani, anamusiya chifukwa cha ine. Kamalaya koyera komwe anasoka, Lidia anangokapinda n'kukaika pansi pa sutikesi, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Mwalemba kuti nditseke chigayo, ndikapepese, inu muyambenso kutithandiza. Ndikudziwa kuti mwanena mwachikondi, koma ayi achimwene. Inunso muli ndi ana anu, ndipo ine sindingabwerere ku moyo woima papositi kufunsa ngati kwabwera kanthu. Akulu a mpingowo anandiuza okha kuti ndiime pandekha, ndaima, lero akundiweruza chifukwa cha malo amene ndaponda. Ngati mukufuna kundithandiza, ndifunireni lamba wa injini ndi sefa yosalalitsa ufa, mupatsire munthu wobwera ku Ntchisi. Ndidzalipira ndekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi, poti adakali kwanuko, muwauze kuti mdzukulu wawo wayamba kukhala pansi yekha, ndipo mphuno watengera iwo. Akafunsa za ubatizo, munene kuti tsiku silinadziwike, poti n'zoona. Zinazi musawawerengere. Tchalitchi chimenechi anaumba nawo njerwa zake, ndipo ndikufuna adzamve kwa ine mwini, atandiyang'ana kumaso.

Muzitipempherera, inu amene mapemphero anu sakukayikiridwa.

Ndine mng'ono wanu,
Felton