Ndinakweza Dzanja pa Nyumba ya Amayi

Americus, Georgia
12 Meyi 2023

Okondedwa Achemwali Loretta,

Lachiwiri la pa 2 amalume a Roscoe ananditengera pamakwerero a khoti, pomwe boma limagulitsira malo a anthu olephera msonkho. Anati bizinesi yake ndi yosaluza: mwini malo akafuna kuwombola amakubwezera ndalama zako zonse, n'kuonjezapo madola makumi awiri pa zana lililonse, ndipo chaka chikatha osawombola, malowo ndi ako. Mlamu wanu Nettie ali ndi pakati pena, malipiro a kufakitale ya nkhuku mukuwadziwa. Ndinagulitsa galimoto, n'kuwapatsa amalumewo madola 3,000.

Nditafunsa kuti tikugula nyumba ya yani, anaseka. "Iwe Cleon, kuno sitigula mayina, timagula manambala. Ukangomva 417, dzanja m'mwamba. Kapena manambalanso amakuvuta?" Woitanira malondayo ankathamangitsa mawu, malole akudutsa, ine khutu lili pa nambala basi. Ndinakweza. Tinapambana pa 5,000.

Dzulo ndinapita ku ofesi ya msonkho kuti andionetse malowo pamapu. Mayi wa pakauntala anayang'ana pepala, n'kuyang'ana laisensi yanga. "Bambo, dzina la eni ake ndi lanu lomweli."

Achemwali, ndi nyumba ya amayi.

Ndalama za msonkho zimene munkatumiza kwa amalume chimwalirireni bambo, sanakapereke ndi kamodzi komwe. Makalata ochenjeza ankafikira kwa iwo. Pepala logulira lili m'dzina lawo okha. Ndinakawapeza akuwotcha nthiti za nkhumba kuseri kwa nyumba yawo, ndipo sanatembenuke n'komwe. "Ndiye ukandinenera kwa ndani, mphwanga? Anthu onse aja anaona dzanja lako, osati langa."

Amayi sakudziwa kanthu. Lamlungu anawapakulira amalume kawiri, ati mlongo wanga waonda. Chonde musawaimbire amayi za nkhaniyi, shuga wawo uja mukumudziwa. Ine mudzanditukwane mukabwera, ndidzamvera nditakhala pansi.

Moni kwa alamu ndi ana. Mwana wathu Jalen wayamba kuyenda, akuphunzirira pakhonde la agogo ake, ndipo amayi akuti chaka chamawa adzamukhomera kampanda kuti asamagwe. Ndinangovomera.

Kuti tiwombole nyumbayo pasanafike pa 2 Meyi chaka chamawa, tiyenera kuwapatsa amalume omwewo madola 6,000. Ine ndi Nettie tasonkha 850. Atsala 5,150.

Ine mlongo wanu,
Cleon