Thadzi pansi pa madigadi

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, kuno ku Tsangano. Tsiku laphokoso. Akundilembera ndi apongozi anga a Nangozo, ndipo alembe monga ndikunenera.

Mwana wanga Limbani akudzutsa thirakitala yakale ya malemu bambo ake. Ndinawauza kale amayi onse a kutchalitchi kuti Loweruka ilima munda wanga wa kachewere. Koma madigadi, chitsulo chija chophimba tayala, inapindika, ikukhula tayalalo, ndipo mabawuti ake anagwira dzimbiri. Pofuna kuichotsa, wathira palafini, wamenya ndi hamala, sipanala mpaka yathyoka. Yatsala bawuti imodzi.

"Amayi, iyi ikufuna moto," anatero.

"Moto pati? Pansi pamenepo thadzi langa likufungatira mazira!"

"Tilisamutse."

Tinaika mazira m'dengu. Thadzi linakana, linamujompha chala, mazira tinabwezera.

Ndamuuza kuti adikire anapiye. Thirakitalayo inafa kale, singafenso kawiri, koma mazira akazizira ndiye basi.

Kutchalitchi ndikanena kuti dzimbiri lake ndi lochokera kunja, lolimba, ndi Limbani yekha angalithe. Za nkhukuzi musalembe, a Nangozo. Mwalemba kale? Nanga mukusekanji?