Belu Limene Linapita ku Moscow

Novgorod,
Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Varvara,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, iweyo, alamu anga a Rodion ndi kamwana kathu Taisiya. Chifuwa chija chamusiya? Kuno madzi a mumtsinje wa Volkhov ayamba kuundana m'mbali. Ine ndilipo, ndikuphunzitsabe.

Uthenga wako ndinaulandira, woti dokotala wa mtima wavomera kuwachita opaleshoni Bambo ku Moscow. Wagwira ntchito yaikulu. Koma Bambo akana.

Ndinawauza tikumwa tiyi. Anandifunsa ngati digiri yanga ya mbiri yakale ndinachita kuitola pamsika. Anati mzinda uno unali likulu Moscow ikadali dambo la achule. Anati kuno anthu ankaliza belu n'kusonkhana pabwalo kudzisankhira atsogoleri, mpaka mfumu ya ku Moscow inabwera, n'kulitsitsa belulo, n'kupita nalo kwawo. Ukuidziwa nkhaniyi. Zaka zonse zija Bambo ankaifotokozera alendo pa linga lakale la mzinda uno, madzulo n'kudzatibwerezeranso ife patebulo.

Ndinawayankha kuti zimenezo n'zakalekale, mtima wawo ndiye wa lero. Anaseka mpaka kubanika. Akuti chopita ku Moscow sichibwerera: belu silinabwerere, ana anga asukulu onse anzeru sabwerera, ngakhale iwe Varya wawo, amene unati ukungokaphunzira. Akuti iwo si belu loti n'kulikweza pangolo. Akafa afere kuno, agone pafupi ndi Amayi.

Mwina munthu wolimba mtima akanawakalipira n'kuwanyamula. Ine ndinangowathirira tiyi wina. Choipa n'chakuti mbali ina ya mtima wanga imawakhulupirira. Kodi si zomwezi zimene ndimaphunzitsa m'kalasi? Mwina ndine wosayenera kuwanyengerera, chifukwa mawu anga omwe sandikhutiritsa.

Miyendo yawo yatupa. Masitepe sakukweranso. Dokotala wa kuno akuti popanda opaleshoni sadzaona madzi a mumtsinje akusungunuka.

Ndiye ndikukupempha chinthu chimodzi. Usatumizenso tikiti, usaimbenso foni. Bwera wekha. Ndikudziwa za ntchito, ndikudziwa za mwana. Koma utsike sitima, ugogode pakhomo, aone ndi maso awo kuti chinthu chimodzi chabwerako ku Moscow. Mwina pamenepo angavomere kupita nawe. Ndati mwina. Sindikukulonjeza kanthu.

Usachedwe. Dzulo ndinakumana ndi a Prokhor, achikulire a khomo loyandikana nafe aja, atavala nsapato za chisanu za Bambo, zaubweya zija unawagulira. Nditafunsa kunyumba, Bambo anati zinkangodzaza malo, chaka chino alibe kopita nazo.

Undiperekere moni kwa a Rodion, Taisiya umupsompsone pamphumi. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatse njira.

Ndine mlongo wako,
Arseny