Mpando wa a Pulezidenti

Lolemba, 3 Junyu 2024

Miyezi inayi tsopano chibwerereni kuno kumudzi ku Chipera. Foni yanga ija inkalira mpaka kutentha ili zii. Zaka khumi ndinali meya, Pulezidenti wa munisipiyo, khonsolo ya tauni, mkazi woyamba m'tauni muja, koma lero ndacheza ndi mbuzi zokha.

Lachitatu, 5 Junyu

Kuchigayo azimayi anasiya kuseka nditangofika. Wina anathamangira mpando. "Khalani apa, a Pulezidenti." Iwo pansi, ine pamwamba ndekha. Ndimadana nawo mpando umenewu.

Rebeca, mng'ono wanga, analipo. Moni wake unali wa kwa mlendo. Sanaiwale tsiku lomwe ndinachotsa ogulitsa m'mphepete mwa msewu, apolisi a munisipiyo n'kumutayira tomato. Galimoto zinali zitagunda ana awiri pamalopo, ndikanatani? Pawailesi ankati malo a mumsika watsopano ndagawira abale anga. Abale ake ati? Rebeca anachita kundigwadira, ine n'kumuuza kuti akalembetse ngati wina aliyense. Malo sanawapeze, anabwerera kumudzi. Ndimanenabe kuti sindinalakwe, koma ndamusowa mwana wa mayi anga.

Lachinayi, 6 Junyu

Kuzizira. Sindinatuluke.

Loweruka, 8 Junyu

Agostinho, mwamuna wa Rebeca, wamwalira m'mawa. Ndamva kwa munthu wodutsa panjinga. Ine mkulu wake, kumvera panjira. Zandiwawa kwambiri.

Lamulungu, 9 Junyu

Kumaliro anandilandira ndi azibambo. Mpando wapulasitiki pansi pa mtengo, pakati pa akuluakulu a mpingo. Ankandifunsa za ndale. M'nyumba azimayi akuimba, ndipo kulira kwa Rebeca ndinkakumva bwinobwino.

Ndinanyamuka wina ali pakati pa funso. Ndinavula nsapato pakhomo, kumangitsa chitenje changa cha kapulana, kulowa. Nyimbo inaduka. Ndinangoima pakati pa nyumba.

"Abweretsereni mpando," anatero mayi wina.

Rebeca sanandiyang'ane n'komwe. "Asiyeni mana Stélia, akulu anga, akhale pansi. Kuno si ku munisipiyo."

Anasendera pang'ono pamphasa, malo ongokwana theka la ine. Ndinadzipanikiza pomwepo. Za tomato sitinakambe, ngakhale moni sitinapatsane. Nyimbo itayambanso, mutu wake unagwera paphewa langa. Mwendo unachita dzanzi, koma sindinasunthe.