Ndemanga za Achemwali

Lolemba, 9 Juni

Alamu aimba foni ndili kushopu, kompyuta ili mkati molowetsa maadiresi atsopano a makasitomala onse 812. "Mlamu, siyani zimene mukuchitazo. Achemwali anu atisiya." Ndayankha kuti chabwino, ngati andiuza kuti basi yachedwa. Ndakhalabe pampando mpaka kamzere kobiriwira kafika kumapeto.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndatsegula shopu koyamba chichitikire maliro. Ulusi wolukira uli m'mashelefu momwe achemwali anausanjira.

Pa webusaiti maadiresi ali bwinobwino, monga alili mu fayilo ya kampani yotiperekera katundu. Koma kabokosi ka ndemanga mulibe kanthu. Kwa aliyense. M'menemo ndi mmene achemwali ankalemba za anthu awo zaka zisanu ndi chimodzi: uyu samva bwino, muzikweza mawu, uyu akulukira mdzukulu. Fayilo ija inalibe ndemanga, ndiye ine ndinadina kuti isinthe zonse, osati maadiresi okha.

Ali kuchipatala, achemwali anandiuza. "Iwe, usakhudze makasitomala anga mpaka nditatuluka. Umamaliza buku la masamba 500, koma malangizo a mizere iwiri amakukanika." Ndinkafuna adzapeze ntchito yatha.

Lachitatu, 18 Juni

Bambo wokonza webusaiti afunsa ngati ndinasunga kope. Ayi. Akuti makina amasunga zakale masiku asanu ndi awiri basi. "Mukanaimba Lolemba, mayi." Kenaka apepesa maliro.

Lachisanu, 20 Juni

Mayi wina waimba, wakwiya. Phukusi lake alisiya pageti, pamene iye satha kutsika masitepe. "Mwana uja amadziwa zimenezi, mpatseni foni." Ndamuuza. Talira tonse, ine ndi munthu amene sindinamuonepo.

Loweruka, 21 Juni

Alamu abwera ndi makiyi a achemwali. Akuti ndiwasindikizire ndemanga zija, ana adzawerenge akakula. "Mayi awo makalata sankalemba. Koma m'menemo ankalemba momwe amalankhulira." Ndati pulinta yatha inki.

Buku langa la pambali pa bedi likadali pa tsamba lomwe ndinasiyira tsiku lija.

Lachiwiri, 24 Juni

Bambo wa webusaiti apeza makasitomala 23 amene kompyuta inawadumpha, poti nambala zawo za foni sizinafanane ndi za mu fayilo. Achemwali anazilemba molakwika, osavala magalasi awo aja. Ndemanga za amenewa zilipo.

"Amati akufuna wofiira, koma amafuna wa pinki. Osatsutsana nawo."

Ndaseka mpaka telala wa khomo linalo wasuzumira.

Lachinayi, 26 Juni

Ndawauza alamu zonse, ndi za inki zomwe. Atembenuza chipewa m'manja. Sananene kuti palibe kanthu. Angofunsa kuti zatsala zingati, apinda kawiri mapepala amene ndawasindikizira n'kuika m'thumba la malaya.

Ndi masamba awiri, lachiwirilo losadzaza.