Jakisoni wachiwiri wa amayi ako

Wokondedwa mwana wanga Felista,

Landira moni wochokera kuno ku Bembeke. Ine ndilipo, kungoti miyendo ikuwawa ndi chisanuchi. Kaya iwe ndi ana kumeneko ku Bulawayo?

Ukuwakumbukira a Chimphepo, adokotala aja anandikalipira pagulu nthawi ya chipani chimodzi, nditafunsa za mapiritsi a mlongo wako? Anati, "Dokotala ndiwe kapena ine?" Chiyambire tsiku limenelo, ndikalowa m'chipatala pakamwa pamandiuma.

Mwezi watha amayi ako anagonekedwa ndi malungo. Namwino wam'mawa anawabaya kwinini, koma anaitanidwa kwa wodwala wina asanalembe m'buku. Mnzake wodzamulandira ntchito sanamufunse, anangobwera ndi jakisoni yemweyo n'kuwabayanso. Ine ndinali pomwepo, nditawagwira dzanja amayi ako. Ndinaona, ndinadziwa, koma ndinangoti, "Zikomo, anesi."

Malungo anatha, koma kwinini wochulukayo anawatseka makutu mpaka lero. Kutchalitchi amangoyang'ana milomo ya bambo mfumu. Namwino woyamba uja atazindikira anagwetsa misozi, nati, "Agogo, bwanji osanena? Ino ndi nthawi ya matipate, tikanakumverani." Ndimadziuza kuti a Chimphepo ndiwo anandisoka pakamwa, koma tsiku limenelo iwo kunalibe. Ndinalipo ndine.

Amayi ako amayesa kuti ndinali panja, poti tsikulo sankazindikira kanthu ndi malungo. Ambuye akusunge, mwana wanga, koma ndisanafe ndikufuna chinthu chimodzi: ubwere udzawauze kuti ndinaona. Awirinu mumamvana ngakhale ndi maso okha. Ine kuti ndiwauze ndiyenera kukuwa, ndipo mudzi wonse udzamva.

Ndine bambo ako,
Lameki